Kabawi wa Mfumu ndi Anapiye a Amayi

Sabata yatha kabawi anagwira mwanapiye wachitatu pakhomo pathu ku Chinamwali. Pamene amayi ankakuwa ndi kuponya chipande chimene chinali m'manja mwawo, mbalameyo inali itauluka kale kulowera kuphiri. Kuno kabawi ndi mbala basi, choncho amayi anaseka kwambiri nditawauza kuti zaka 800 zapitazo mafumu a ku Ulaya ankapatsana mbalame za mtundu umenewu ngati mphatso yamtengo wapatali, ndipo zina zoyera ankachita kukazitenga ku Iceland pa sitima zapamadzi.

"Ndiye mwanawe, ankaiweta bwanji mbala?" anandifunsa.

Amene anayankha bwino funso limeneli ndi Frederick II, mfumu ya ku Sicily imene inamwalira mu 1250, m'buku lake la Chilatini lotchedwa De arte venandi cum avibus, lonena za luso losaka nyama pogwiritsa ntchito mbalame. Kabawi sakonda munthu monga achitira galu, ndipo chimene chimamubweza kwa mbuye wake ndi njala. Mbalame ikangogwidwa, ankaimanga timalamba tachikopa kumiyendo pamodzi ndi timabelu, kenaka ankaboola zikope zake zam'munsi ndi singano n'kumanga ulusi pamwamba pa mutu kuti isaone. Mbali imeneyi imandinyansa, ngakhale ndikumvetsa kuti mbalame yosaona siidzimenyetsa ndi mantha. Wophunzitsayo ankainyamula padzanja lovala chikopa chochindikala m'chipinda chamdima, usana ndi usiku, akuipatsa tinyama pang'onopang'ono ndi kuiimbira kamawu kamodzimodzi nthawi ya chakudya, mpaka izolowere kuti dzanjalo ndiye khomo la kudya. Ulusi uja ankaumasula pang'onopang'ono, kuti kuwala ndi nkhope za anthu zisaidzidzimutse.

Frederick atabwerako ku nkhondo ya ku Yerusalemu ya mu 1228 ndi 1229, analimbikitsa njira imene anaphunzira kwa Aluya, yoiveka mbalame kachipewa kachikopa kophimba maso, kamene kamavulidwa mosavuta nyama ikaoneka.

Mbalame ikazolowera dzanja, ankatuluka nayo panja itamangidwa ku chingwe chachitali, ndipo ankazunguza nyambo yopangidwa ndi mapiko a mbalame ina, atamangirirapo nyama, kuti iziulukira komweko. Luso lenileni linali pa muyeso wa chakudya, pakuti kabawi wokhuta sabwerera, pamene woonda kwambiri alibe mphamvu zogwetsera bakha wakutchire kapena kakowa. Tsiku lochotsa chingwe wophunzitsa mtima unkakhala m'mwamba, chifukwa ntchito ya milungu yambiri inkatha kuuluka osabwereranso, timabelu tikumveka kutali.

Amayi anamvetsera zonsezi akusankha nyemba m'lichero. Nditamaliza anapukusa mutu, nati anthu amenewo ayenera kuti analibe munda wolima, kenaka anandituma kumsika kukagula waya wotchingira anapiye asanu otsalawo.