Ntchito ija yatha, zikomo aphunzitsi anga

Abale anga ntchito ija yolemba maphunziro a AI (nzeru zopangira makompyuta kuti aziphunzira ndi kuyankha ngati munthu) yatha. Dzulo usiku ndatumiza fayilo yomaliza ndipo mmawa uno eni ntchitoyi ayankha kuti alandira, palibenso chobweza. Ndakhala pakhonde pano pa Salima manja akunjenjemerabe, chiyambire Januwale sindinagonepo tulo tabwino. Ambuye mwandiona ine, ulemu ndi wanu.

Ambiri mukudziwa kale mmene zayendera ndiye sindibwereza zonse. Miyezi 9 ndikulemba maphunziro a zaluso a AI, levulo 1 mpaka 3, pamodzi ndi mayeso ake. Dirafuti yoyamba inabwezedwa yonse, laputopu inapsa ndi mphezi mu Febuluwale, kenako mayi anagonekedwa masabata atatu ine nkumalembera pa benchi kunja kwa wodi.

Koma aphunzitsi anga a ku Senga Bay aja eee, sindikudziwa ndiyambire pati. Munthu anaphunzitsa ukalipentala mpaka kupuma ntchito, foni yawo ndi yamabatani, ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ija, anali asanaionepo. Tsiku limene dirafuti inabwezedwa ndinapita kwawo mtima uli zii, anawerenga mapepala onse pansi pa mtengo wa mango osayankhula, kenako anati "mwana wanga, apa walemba mafunso oloweza. Ife mwana wa ukalipentala sitimufunsa kuti tebulo ndi chiyani, timamupatsa thabwa ndi sowo nkuima pambali." Basi mayeso onse tinawagwetsa nkuyambiranso. Pano wophunzira akupatsidwa zithunzi za masamba a chimanga asankhe yekha nkulemba kuti ili lili ndi mbozi ili ndi labwino, chifukwa makinawa amaphunzira pa zomwe munthu wawapatsa, ukawapatsa zolakwika amabwezanso zolakwika. Afunse makina mu Chichewa kenako aloze pamene anama, poti amanama mosaphethira ndithu. Ndipo asanalowetse deta (uthenga umene wasonkhanitsa) mu makinawa afufute maina ndi manambala a foni a anthu, lamulo loteteza deta la 2024 lija silamasewera. Woyesa amangokhala ndi pepala lake kuona ndi maso, wakhoza kapena sanafikepo abwerenso. Ndi mmene maphunziro a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, amayendera kale, aphunzitsi anangondibwezera panjira.

Loweruka lililonse ankandidikira, mvula kaya dzuwa. Nthawi ya matenda a mayi anakwera minibasi okha kubwera pa boma atanyamula mapepala oti aachonga ndi bolopeni yofiira, ndi nthochi za odwala. Ndinawapatsa ya thiransipoti anakana mpaka kundikalipira. Aphunzitsi, Mulungu akusungeni, akuonjezereni masiku.

Alamu anga munandibwereka laputopu miyezi inayi osafunsa kuti ibwera liti, zikomo. Mayi a ana, munapirira nyali yoyaka mpaka 3 koloko mmawa ndi ndalama yochedwa ija, ndilibe mawu. Amayi a mvano mapemphero anu afika. Achinyamata 14 amene munabwera kudzayesa mayesowa, ena kuchokera ku Chipoka ndi ku Khombedza pa ndalama zanu, inu ndi amene munationetsa mafunso osamveka, makamaka mtsikana uja anatiuza poyera kuti ku mudzi kwawo netiweki kulibe ndiye tiganizirenso gawo lachiwiri. Tinasintha chifukwa cha iwe.

Enanu munkati za AI ku Salima ndi maloto, foni zanga osayankha nthawi imene mayi anali pa diripi. Sindikusunga mangawa koma zinandiwawa, ndanena.

Aphunzitsi alibe Facebook, ndiye amene muli pafupi nawo ku Senga Bay chonde muwawerengere izi lero, muwauzenso kuti Loweruka ndikubwera ndi mayi omwe, achira ndipo akufuna awagwire dzanja okha.