Ulendo wa ku Mchinji: waya unalibe mlandu

Tinanyamuka pa depoti ya Kasungu Loweruka 6 koloko m'mawa, anthu 9 a gulu lathu lophunzira za kompyuta, kompyuta yathu yakale ija titaikulunga m'bulangete la a Tcheya. Pa Santhe kondakitala anafuna kuiponya pansi pa matumba a mtedza, koma mayi Msungichuma anakana kwamtuwagalu. Anaifungatira pamiyendo ngati khanda mpaka pa Kamwendo, miyendo itachita dzanzi. Mayi, Mulungu akudalitseni.

Anzathu a ku Mchinji anatilandira ndi thobwa, kenako phunziro. Mphunzitsi wawo anati mu Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, wolemba driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya khadi lolumikizira kompyuta pa netiweki sayambira pachabe, kernel, umene ndi mtima wa Linux, inamusulira kale zipangizo. Umaitana alloc_etherdev kuti ikupatse malo, register_netdev kuti khadi lilembedwe m'kaundula, request_irq kuti uzimva khadi likagogoda. Paketi iliyonse, kutanthauza kaphukusi ka uthenga, imayenda m'chotengera chotchedwa sk_buff, ndipo yolowa umaipereka kwa kernel ndi netif_rx kapena kudzera pa NAPI, njira ina yolandirira mapaketi. Anatinso a BSD, pulogalamu ina yonga Linux, chotengera chawo amachitcha mbuf. Tinalemba zonse.

Nkhani inakula titayatsa yathu. Mukudziwa kuti miyezi iwiri takhala tikulemba driver ya khadi la Realtek RTL8139, tikusuzumira mu 8139too, driver ya khadi lomweli imene ili kale mu Linux. Ping, imene timayesera ngati uthenga ukufika pa kompyuta ina, inayankha kangapo, kenako zii! Tinayatsanso, chimodzimodzi. A Tcheya anatembenukira kwa achimwene athu a Mawaya: "Achimwene, waya uwu munaufinya bwino pamutu?" Apo ndiye panayaka moto. A Mawaya anati kuyambira kale chilichonse chikavuta pagulu pano chala chimaloza iwo, ngakhale tsiku lija magetsi atazima. Anazula waya wawo, naupinda, nakakhala pansi pa mtengo wa mango. Mlembi anawatsatira, anabwera yekha. Anzathu anabweretsa waya wawo watsopano, vuto lomwelo, koma panalibe wolimba mtima kukawauza.

Anatiombola ndi mtsikana wa Folomu 4 wa gulu la kumeneko, amene anali chete m'mawa wonse. Anafunsa mwaulemu kuti khadi limeneli lili ndi mipata ingati yotumizira. Inayi basi. Anatsetsereka ndi chala pa sikirini n'kutionetsa: mipata ikadzaza timaitana netif_stop_queue, zoona, koma khadi likamaliza kutumiza sitinkamasula mipatayo kapena kuitana netif_wake_queue. Tinkatseka chipata osabweranso kudzatsegula, mapaketi n'kumangodikira panja. Ine mtima unandigunda poona mwana wamng'ono chotero akuwerenga C, chinenero cholembera mapulogalamu, ngati kalata yochokera kumudzi. Tinakonza mizere yochepa, ndipo ping inayenda mpaka tinaiimitsa tokha.

A Tcheya anavula chipewa n'kupita pamango paja okha. Zimene anakambirana sitinazimve, koma pa nsima nthutumba ya nkhuku ya lokolo, imene mwamwambo ndi ya a Tcheya, inapezeka m'mbale ya a Mawaya. Nkhwani wotendera uja, amayi a ku Mchinji, mtedza wanu sunama. Mlembi anawonjezera mitanda iwiri, ndipo mboni zilipo.

Zikomo mphunzitsi potipatsa makhadi awiri a RTL8139 oyeserera, zikomo achemwali athu aang'ono, zikomo onse amene munasonkha ya thiransipoti. Anzathuwa abwera kuno kudzationetsa NAPI sukulu zikatsekera. Waya wa tsiku limenelo akonza ndi a Mawaya, avomera okha tili pa Kapiri.