Zikomo a Zomba, bondo langa lija latheka

Abale anga, anzanga a mpira, masapota ndi nonse amene mwakhala mukundiimbira foni ndi kufunsa pa Facebook pano, ndati ndilembe kamodzi kuti uthengawu ufike kwa aliyense chifukwa kuyankha mmodzimmodzi ndalephera, ndinu ambiri. Opaleshoni ya bondo ija inayenda bwino ku Blantyre, ndodo ndinasiya, ndipo sabata yathayi adokotala andilola kuti ndiyambe kuthamanga pang'onopang'ono pa kapinga. Ndikuyenda ndekha kuchoka ku Chinamwali mpaka mtauni osakhala pansi panjira. Mulungu alemekezeke, komanso inuyo anthu a Zomba muno amene munasonkha ndalama zanu kuti zimenezi zitheke.

Ana a masiku ano ambiri amangondiona ndikutsimphina pamsika, sadziwa kuti munthuyu anali womwetsa zigoli, nde ndiloleni ndifotokozeko pang'ono komwe ndachokera kuti mumvetse chifukwa chake mtima wanga wadzadza chonchi.

Mpira ndinayambira pa chikulunga ngati wina aliyense, majumbo ndi zingwe, magolo a njerwa ziwiri, osavala nsapato. Bambo anga malemu ndi amene anandilowetsa chikondi cha nambala 9 chifukwa madzulo aliwonse nkhani yawo inali Kinnah Phiri basi, mmene Flames inatengera chikho cha East and Central mu 1978 ndi kubwerezanso mu 1979, ankafotokoza ngati iwowo analipo m'bwalomo pomwe ankangomvera pa wailesi ya MBC. Loweruka Red Lions ikamasewera pa Community ground ife tinkadikira panja mpaka geti alitsegule chakumapeto, nkulowa kuonako mphindi zotsalazo, ndipo zinkatikwanira kukamba sabata yonse. Aphunzitsi anga a masewero ku pulayimale, amene pano anapuma ntchito koma akadali moyo ku Domasi, ndi amene anayamba kundiuza kuti iwe usamabwerere kumbuyo kukasaka mpira, ima pakati pa otchinga awiriwo uziwavutitsa. Aphunzitsi, mawu amenewo ndi amene anandidyetsa zaka zonse zija, zikomo kwambiri bambo.

Kuchoka apo ndinasewera mpira wa masukulu a sekondale, kenako ligi ya chigawo cha kummwera komwe mumakwera lole kupita kukasewera ku Mulanje kapena ku Mangochi mutangodya chinangwa ndi madzi, mpaka timu ina ya mu Super League inandiona nkunditenga. Tsiku loyamba kulowa pa Kamuzu Stadium miyendo inkanjenjemera, phokoso la pamenepaja silifotokozeka. Ndinamwetsapo zigoli pamenepo, pa Civo, pa Silver, mpaka ku Mzuzu titayenda pa basi usiku wonse. Ntchito ya kutsogolo njovuta abale, mpira ukhoza kuukhudza kasanu kokha gemu yonse koma anthu onse akuyang'ana iweyo, ukamwetsa amakunyamula, ukaphonya wekha ndi goloboyi dzina lako limayenda m'maminibasi mpaka gemu ina. Koma ndinkaikonda ntchito imeneyi ndi mtima wanga wonse ndipo ndikadaikondabe.

Mu January 2010 Flames itathibula Algeria 3-0 ku Angola, Russell Mwafulirwa atatsegula zigoli kenako Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, kochi ali Kinnah Phiri yemwe uja bambo ankamukamba, ine ndinali pachimake penipeni ndipo usiku umenewo sindinagone, ndinkangoti nanenso tsiku lina ndidzavala jezi yofiirayo. Anzathu ena ankapita ku Joni, ena ku Mozambique, Esau Kanyenda anali atafika mpaka ku Russia, nde tonse tinkaona kuti njira ilipo. Kwa ine njirayo inathera pa kona imodzi. Ndinadumpha kuti ndimenye ndi mutu, potera mwendo wamanja unaponda mopotoka bondo nkulira kuti thwa, palibe amene anandimenya olo kundikankha. Anandinyamula pa machira, anaika ayisi ndi bandeji, kutupa kutachepa ndinabwereranso m'bwalo chifukwa ukakhala pa benchi gemu bonasi palibe ndipo kunyumba anthu akudikira. Bondolo linkangothawa ndikafuna kutembenuka, kontilakiti itatha sanandipatsenso ina, ndinalongedza chikwama kubwerera kuno ku Zomba.

Chimene ndadziwa pano adokotala atandionetsa zithunzi za sikani nchakuti mkati mwa bondo muli kamtsempha kamene kamagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo kuti zisamasemphane, amakatchula kuti ACL, ndipo kakaduka sikalumikizana kokha olo uthowe ndi madzi otentha chaka chonse. Ukamaseweranso chonchobe mafupa aja amapera kachichereŵechereŵe ka pakati mpaka kung'ambika, nde ululu umene ndinkamva zaka zonsezi unali umenewo. Pa opaleshoni anatenga mtsempha wina kumbuyo kwa ntchafu yomweyo nkuupanga kukhala watsopano, komanso anakonza pomwe panang'ambika paja. Achinyamata amene mukusewera pano chonde, bondo likalira ndi kutupa tsiku lomwelo kakamirani sikani musanavalenso nsapato, jakisoni wopha ululu amangokubisira vuto. Ndipo eni matimu, nkhani ya inshulansi ya osewera muziitenga ngati mmene mumatengera kugula jezi, chifukwa anzathu a matimu a asilikali ndi apolisi monga Red Lions, Moyale kapena Blue Eagles mpira ukatha ntchito imakhalapobe, koma ife ena tikavulala timabwerera kwa amayi athu chimanjamanja.

Zaka zimene zinatsatirazo sindikufuna kuzikamba kwambiri. Kabaza ndinayesa koma bondo silinkalola kupalasa zitunda za kuno. Amene anagwira nyumba ndi akazi anga, ankadzuka mdima ulipo kupita ku Kachulu kukapikula matemba nkudzagulitsa pamsika, ndipo mu 2018 nyanja ya Chilwa itaphwa bizinesi nkuima anayamba za mpunga ndi tomato osadandaula olo tsiku limodzi, ana osajomba kusukulu. Mayi a ana anga, pagulu pano ndikuti zikomo. Munakwatiwa ndi munthu amene ankatchulidwa pa wailesi, munakhala ndi munthu amene ankalephera kunyamula ndowa ya madzi, ndipo ulemu umene munkandipatsa sunasinthe. Ine ndinaziona zonsezo ngakhale sindinkayankhula.

Tsono nkhani ya opaleshoniyi anaiyambitsa ndi madoda amene timakumana Lamlungu m'mawa pa mpira wa akuluakulu. Ine ndinkangopita kukakhala pambali kumawaonerera ndi kuwasungira mafoni, tsiku lina atatha kusewera anandikhazika pansi nkundiuza kuti aise sitingamakuone chonchi ife tikuthamanga, tipanga gemu. Ndinkaona ngati akungondilimbitsa mtima koma anapanga komiti, msungichuma, buku, zonse mwadongosolo, anayenda m'mashopu, m'maofesi, anakapempha bwalo, anasindikiza matikiti ndi ndalama za m'thumba mwawo. Madoda inu simufuna kutchulidwa maina nde ndalemekeza zimenezo, koma mukudzidziwa ndipo ana anga akukudziwani.

Tsiku la gemulo ndi limene sindidzaiwala mpaka kufa. Anabwera anzanga amene tinkasewera nawo timu imodzi, komanso chimene chinandiliza kwambiri, anabwera otchinga kumbuyo amene tinkalimbana nawo koopsa, anthu oti tinkachoka m'bwalo osapatsana moni, anakwera minibasi kuchoka ku Blantyre, ku Balaka, wina mpaka ku Lilongwe ndi thiransipoti yawoyawo osapempha kanthu. Mmodzi anandikumbatira nkunena kuti iwe unkandisowetsa tulo Lachisanu usiku. Goloboyi wina amene ndinamumwetsa penate zaka zambiri zapitazo anabweretsa magolovesi ake akale kuti agulitsidwe ndalama ilowe m'thumba la bondo. Oyimbira anaimba ulere. Anyamata a kabaza a pa siteji ya Chinamwali ndi a ku Matawale ananyamula anthu pa mtengo wotsika kenako madzulo anabweretsa ndalama yawo yosonkha itakulungidwa m'jumbo, ndalama zamapepala zofewa ndi thukuta, ine ndikudziwa kuti ndalama ya kabaza imapezeka bwanji nde sindinathe kuyankhula. Amayi a mandasi, a chimanga chootcha, a nthochi, ena anapereka phindu lonse la tsikulo. Ana a sukulu a ku Chanco amene sanandionepo ndikusewera anagula matikiti nkumaimba nawo dzina langa.

Zikomo kwa abusa ndi amayi a mvano a kumpingo kwathu chifukwa cha mapemphero ndi chopereka chapadera chija, komanso kwa a shehe ndi abale athu achisilamu a mdera lathu amene anasonkha pambuyo pa swala ya Lachisanu nkutuma achinyamata kudzasiya kunyumba. Zikomo kwa inu a ku Joni amene munatumiza pa Mukuru, ena sitinaonane zaka zambirimbiri, ndi inu nonse a Airtel Money ndi Mpamba, ena munkatumiza K500 ndi uthenga woti pepani ndi yochepa. Sinali yochepa abale, inafika ndipo inalembedwa m'buku.

Kwa adokotala amene anandipanga opaleshoni, anesi amene ankanditembenuza usiku, ndi aja okankha njinga ya odwala amene ankandicheza za Bullets ndi Manoma kuti ndiiwale mantha, Mulungu akudalitseni. Achemwali anga aakulu anasiya munda wawo ku Jali nthawi yopalira nkudzakhala gadiyani wanga, kugona pansi pa chitenje, kuphika kunja, kundichapira, achemwali ndilibe choti ndingakubwezereni. Ndipo a fizo a pa chipatala chachikulu kuno ku Zomba ndi amene agwira ntchito yaitali kuposa onse, chifukwa opaleshoni ndi ya tsiku limodzi koma kuphunzitsa bondo kupinda, kuwongoka ndi kubweza mnofu wa ntchafu umene unafota ndi nkhani ya miyezi yambiri, pena ndinkalira misozi pa bedi paja iwo nkumati tiyeni bambo kamodzinso. Amayi anga ondibereka, amene kuyambira kale sankafuna kuonera gemu yanga poopa kundiona ndikugwa, ndi amene ankandiperekeza ku fizoko ndi ukalamba wawowo.

Pa za ndalama, chifukwa ndi zanu muyenera kudziwa. Zinalipira sikani, opaleshoni, mankhwala ndi maulendo a ku Blantyre, malisiti onse ali ndi msungichuma wa komiti ndipo aliyense wofuna kuona buku akhoza kubwera Lamlungu kubwalo. Kanatsala kangachepe, tagwirizana ndi madoda kuti tigulire mipira ndi makoni a ana amene ndayamba kuwaphunzitsa kuno ku Chinamwali, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo FAM ikadzaitana maphunziro a ukochi ku Mpira Village ku Chiwembe ndikufuna ndikakhale nawo kuti ndiziwaphunzitsa ndili ndi pepala.

Timakumana Loweruka lililonse 7 koloko m'mawa. Makolo tumizani ana, salipira kanthu, angobwera ndi botolo la madzi. Amene muli ndi nsapato za mpira zakale zimene ana anu zinawathina musataye, tibweretsereni olo zikhale zong'ambika tikasoketsa. Zikomo Zomba, zikomo nonse, Ambuye akusungeni.