Sabata yomwe ndinaphunzira kutseka mabowo a limu

Uno ndi mwezi wachisanu ndikuphunzira kuwotcherera pa galaja ina ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba. Masiku ambiri timapanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo, koma Lolemba kunabwera bambo wina ndi malimu anayi achitsulo a Corolla yake yakale, a mainchesi 14. Ankafuna titseke mabowo ozungulira aja kuti limu izioneka yosalala ngati mbale, kenako aipente yoyera. Akuti galimotoyo ndi yonyamulira akwati.

Ine mtima uli dyokodyoko ndinathamangira makina. Abwana anandigwira mkono. "Iwe mphwanga, tayalalo walivula?" Ndinayankha kuti ndaliphwetsa. Anapukusa mutu. Limu ikatentha tayala lili pomwepo, mphira umayamba kupsa mkati n'kutulutsa mpweya wake, ndipo limatha kuphulika ngakhale utasiya kale kuwotcherera. Tinavula matayala onse, tinachotsa mavalavu, n'kupala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo kuti mbee.

Bowo lalikulu sulidzaza ndi rodi yokha, kandodo kachitsulo kamene kamasungunuka powotcherera. Tinadula tizigamba tozungulira pachitsulo chochindikala mofanana ndi cha limu, n'kupereseza m'mbali mwake kuti chosungunuka chilowe mpaka pansi. Kuseri tinkatsamizako kachidutswa ka mkuwa, chifukwa chitsulo chosungunuka sichimamatira ku mkuwa ndipo sichidontha. Rodi inali ya mtundu wa 6013, yonenepa mamilimita 2.5.

Pomwe ndinaphunzira kwambiri ndi pa limu yotayidwa imene anandipatsa kuti ndiyeserepo. Ndinawotcherera mabowo anayi ogundizana osapumira, ndipo m'maso mwanga inaoneka bwino zedi. Abwana anaimanga pa galimoto yomwe inali pa jeke n'kuizunguza. Inkayenda mopepeluka ngati munthu wochokera ku mowa. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikamazizira chimadzikoka, ndiye ine ndinali nditaunjika moto wonse mbali imodzi. Zinandipweteka mumtima, chifukwa theka la tsiku linathera pamenepo.

Pa malimu a kasitomala tinachita ngati pomanga manati: kudontheza pang'ono pa bowo ili, kudumphira la kutsidya, kudikira mpaka dzanja lipirire kugwira chitsulo, kenako kubwereranso. Kuthira madzi kuti chizizire msanga anandiletsa. Limu imodzi inandidyera tsiku lathunthu, magetsi atazimanso masana.

Zotsalazo zinayenda msanga. Gilayinda mopepuka kuti limu isapyapyale, fila (phala lomata m'mabampu kuti pasalale) wochepa kwambiri, sandipepa, pulayima (penti woyambira), kenako penti weniweni. Fila wochuluka amang'ambika ukangogunda dzenje limodzi. Mabowo a mabawuti, lapakati ndi la valavu sitinawakhudze. Pomaliza malimu anapita pa makina a balansi, popeza zigambazo sizingalemere chimodzimodzi.

Chimene chikundizungulirabe m'mutu ndi funso lomwe abwana anafunsa mwini galimotoyo: "Achimwene, akwatiwo mumakwera nawo ku Ku Chawe kukajambulitsa?" Ine ndinkayesa mabowo aja ndi zokongoletsa chabe. Kani amapeputsa limu, komanso amadutsitsa mphepo yoziziritsa mabuleki. Ku Chawe ndi pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo wotsika phirilo amaponda buleki pakona iliyonse, ndipo mabuleki akatenthetsa amasiya kugwira bwino, makamaka akutsogolo omwe amasenza ntchito yambiri. Bamboyo anavomera kuti amapitako. Abwana anamuuza kuti potsika aziika giya yachiwiri, injini izithandiza kugwira galimoto, ndipo akamva fungo lakupsa aime pambali.

Ntchitoyi ndaikonda, ndipo malimuwo atauma penti anakongola moti odutsa ankaima kuyang'ana. Koma wina atabwera ndi minibasi yoyenda tsiku ndi tsiku pamsewu wa M3 kupita ku Limbe, yodzaza anthu ndi katundu, ine sindingatseke bowo ngakhale limodzi. Limu yanga yopindika ija ndaipachika pakhoma pafupi ndi makina, ndipo Loweruka abwana alonjeza kundipatsa ina yoti ndiyeserenso.