Mfuti za ku Joni

Tangodutsa pa Beitbridge, asilikali mfuti zili pachifuwa, mnzanga mu basi akuti izi nzochokera ku Russia. Ayi aise, R4 imeneyo ndi ya ku South Africa konkuno, ankapanga ku Lyttelton pafupi ndi Pretoria potengera mfuti ya ku Israel yotchedwa Galil, paja UN inawaletsa kugula zida kunja mu 1977. Ngakhale pisto ya apolisi ija Z88, anangoonera pisto ya ku Italy ya Beretta nkuyamba kupanga okha.

Koma chondiwawa ndi Denel, kampani ya boma yomwe inatenga mafakitale amenewa mu 1992, katangale wa nthawi ya ma Gupta (banja la anthu a bizinesi ochokera ku India lomwe linkalowerera nkhani za boma) anaifikitsa polephera kulipira antchito, mainjiniya aluso mpaka kuthawira ku UAE ndi Saudi Arabia. Zopusa zenizeni.