Mmene ndinayezetsera Lynch syndrome kuno ku England

Achimwene atawachita opaleshoni ya khansa ya m'matumbo, madokotala anakayezanso chotupacho. Kuyambira 2017, bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo kuno ku England, limalangiza kuti aliyense wopezeka ndi khansa imeneyi aunikidwe ngati mapuloteni okonza DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'maselo athu) akugwira ntchito. M'chotupa chawo munalibe puloteni ya MSH2, ndipo magazi anasonyeza kuti vutoli anabadwa nalo. Vuto lotengera kumtundu limeneli, lomwe limawonjezera chiopsezo cha khansa, ndiye Lynch syndrome. Anawapatsa kalata yoti atigawire abale.

Kalatayo ndinapita nayo kwa GP (dokotala wanga wa nthawi zonse), yemwe ananditumiza kwa alangizi a za majini. Ankati asananditenge magazi tijambule kaye mtundu wathu papepala, amuna timabokosi, akazi timizere tozungulira. "Agogo anu anamwalira ndi chiyani?" Apa mpamene panavuta, poti kwathu timangoti munthu anadwala m'mimba, basi. Ndinachita kuimbira azakhali pa WhatsApp. "Iwe, za malemu ukuzifuniranji?" Atamvetsa, anakumbuka kuti bambo aang'ono ankataya magazi pochita chimbudzi asanamwalire, akadali anyamata. Ngati mukupita kukayezetsa, yambani mwafunsa akuluakulu, musakangokhala duu ngati ine.

Kenako mlangiziyo anandifotokozera mmene zimakhalira. Selo ikamagawikana imakopera DNA yake, ndipo pena chilembo chimalakwika. MSH2 ndi MSH6 ndi zimene zimazindikira polakwikapo, MLH1 ndi PMS2 n'kuthandiza kuti pachotsedwe, monga telala amasulira ulusi pamene makina alumpha. Jini yopanga puloteni iliyonse mwa izi timakhala nayo pawiri, ya kwa amayi ndi ya kwa abambo. Wobadwa ndi imodzi yowonongeka amakhala bwinobwino, koma inayo ikadzawonongeka m'selo imodzi ya m'matumbo kapena m'chiberekero, zolakwika zimaunjikana mpaka seloyo kuyamba kuswana mosalekeza. Mwana aliyense wa munthu wotere angathe kutengera kapena ayi, 50 peresenti mbali zonse.

Kutenga magaziko sikunachedwe. Chowawa chinali kudikira kwa masabata angapo. Zotsatira zinati nane ndili nalo vutoli.

Tsopano zaka 2 zilizonse amandiunika m'matumbo ndi kamera, kuti timatupa achotseretu tisanasanduke khansa. Mankhwala otsuka m'mimba omwa dzulo lake ndi oipa kuposa kuunikako. Anandiyambitsanso asipirini kuti chiopsezo cha khansa chichepe, potsatira kafukufuku wa CAPP2 wotsogoleredwa ndi John Burn wa ku Newcastle, koma musayambe nokha dokotala asanakuoneni. Ana anga adzasankha okha kuyezetsa akadzakula, poti kwa amene ali ndi vuto la MSH2 kuunikako kumayamba pa zaka 25.