Zikomo anthu a Chipata, ana athu akwera ku timu ya akulu

Makolo, aphunzitsi ndi nonse okonda mpira wa atsikana kuno ku Chipata, landirani zikomo wa komiti ya kalabu yathu. Atsikana anayi a Under-17 alembedwa ku timu ya akulu, ndipo makhadi awo a FAZ, bungwe loyendetsa mpira muno mu Zambia, atuluka. Ine ndine mayi amene ndimawayang'anira, uja mumatcha matron. Onse anayi ndinawalandira ali tiana, akumenya chimpombwa opanda nsapato m'tinjira ta ku Mchini ndi ku Nabvutika.

Ambiri mumawaona tsiku la masewera lokha ku David Kaunda Stadium, koma ulendo wake ndi wautali. Mwana akabwera ali ndi zaka 10 kapena 11 sitimuuza za zigoli. Amayamba ndi kuimitsa mpira, kupatsira ndi miyendo yonse iwiri, ndi kudzutsa mutu asanamenye. Ku Under-15 ndi kumene amapatsidwa malo ake m'bwalo. Akafika ku Under-17 akochi amayamba kumuitana kuti azikonzekera pamodzi ndi akulu, kenako amakhala pa benchi, kenako amalowa mphindi 10 zomaliza. Ena mumadandaula kuti tikuchedwetsa ana. Pamenepa ine ndili kumbali ya akochi, chifukwa mwana wa zaka 15 mukamuponya msanga pakati pa azimayi okhwima mafupa, amavulala bondo kapena kutaya mtima, osabweranso. Akochi athu, zikomo chifukwa chosagonja pa nkhaniyi.

Koma zikomo wamkulu apite kwa inu makolo. Atsikana ambiri timawataya akangotha msinkhu. Pa nthawi imeneyo m'komboni mumayamba manong'onong'o akuti namwali savala kabudula pagulu, ntchito za pakhomo zimachuluka, ndipo ena amayamba kale kufunsira mbeta. Inu munatseka makutu. Agogo a ku Kapata, sindidzaiwala tsiku lija munabwera wapansi ndi khadi la under-five la mdzukulu wanu, litakulungidwa m'pepala la pulasitiki ndi kumangidwa pa nsonga ya chitenje, kuti zaka zake zitsimikizike. Munakana kutuma mwana, munati likatayika ndiye kuti mpira wake wathera pomwepo. Mdzukulu ameneyo ndi amene akuimirira pagolo lathu tsopano.

Chilala cha 2024 chinatsala pang'ono kutithera timu. Ufa unakwera mtengo, ana ankabwera ku bwalo ndi njala, ena mpaka kuchita chizungulire akuthamanga. Amayi a ku Saturday Market munasonkherana ufa ndi nsinjiro kuti anawa azimwa phala akamaliza, pamene inunso kunyumba kwanu zinthu zinali zothina. Anyamata a njinga munkawaperekeza madzulo magetsi atazima, osalandira ngakhale ngwee. A draiva a minibasi munapita nafe ku Katete ndi ku Petauke pa ndalama ya mafuta yokha. Mulungu akubwezereni.

Aphunzitsi, mwatigwirira lamulo lathu lija lakuti wojomba ku sukulu sakhudza mpira sabata imeneyo. Ana amalira nalo, koma anayi onsewa akadali m'kalasi. Nanunso azichemwali a ku timu ya akulu, mwawasiyira nsapato zanu, mwawagulira mapadi mwakachetechete, ndipo simunawachitire nsanje ngakhale akubwera kudzalimbirana nanu malo.

Ndithokozenso a Copper Queens, timu ya azimayi ya dziko lathu, chifukwa atipeputsira ntchito yokambirana ndi makolo. Barbra Banda atamwetsa zigoli zitatu kwa Netherlands ndi zina zitatu kwa China pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, timu yathu ya dziko itatenga malo achitatu mu Africa ku Morocco mu 2022 ndi kukagonjetsa Costa Rica 3-1 pa World Cup ya 2023, abambo ena amene ankatibweza pakhomo anayamba kubwera okha kudzafunsa ngati malo alipo.

Malo alipo ndithu. Gulu la tiana latsopano timalilandira Loweruka m'mawa. Mwana abwere ndi kholo lake kapena womulera, atanyamula khadi la under-five kapena kalata ya kubadwa. Amene muli ndi nsapato za mpira zazing'ono zimene ana anu anazisiya, chonde tipatsireni, pakuti ang'onoang'onowa akusinthanabe nsapato pakati pa masewera.